Mitu ya Mkuŵa ya ku France: Kodi Ndi Mafano?

Munthu akamayenda m'misewu ya mzinda wa Paris, likulu la dziko la France, sachedwa kufika pa masitolo amene malonda ake ndi zinthu zakale zokhazokha: mipando, mawotchi, nyale ndi mbale zimene adasiya makolo. Pakati pa katundu ameneyu kaŵirikaŵiri pamakhala mitu ya anthu yopangidwa ndi mkuŵa, yolekeza m'mapeŵa kapena pachifuwa, yokhazikidwa pa kamwala kosalala. Ina ndi yaing'ono ngati nkhonya ya munthu, ina ndi yaikulu kufanana ndi mutu weniweni. Yambiri mwa mitu imeneyi idapangidwa m'zaka za m'ma 1800, motero idapitirira kale zaka 100 zimene amalonda amaŵerengera kuti chinthu chitchedwe chakale.

Tiyeni tinyamule umodzi m'manja. Ndi nkhope ya namwali wocheukira kudzanja lake lamanja, monga mlenje amene wamva mtswatswa m'thengo. Tsitsi lake lidamangidwira kumbuyo, ndipo pamwamba pa mphumi pali kachisoti konga ka mfumukazi. Mutuwo ndi wolemera ndithu, koma tikautembenuza tipeza kuti m'kati mwake ndi mphako. Kumbuyo kwake kwalembedwa dzina lakuti F. Barbedienne, ndiponso pali kachidindo kozungulira kokhala ndi nkhope ya mwamuna ndi dzina lakuti A. Collas. Mwini sitolo adzatiuza kuti namwaliyo ndi Diana, mulungu wamkazi wa uzimba wa Aroma akale, amene Agriki ankamutcha Artemis.

Pamenepo woŵerenga Buku Lopatulika aliyense adzadzidzimuka, pakuti dzinali tikulidziŵa. Ndi Artemi uja amene anthu a ku Efeso adautsira Paulo chipolowe chifukwa cha iye, monga timaŵerenga pa Machitidwe 19. Kodi tsono chimene tanyamulachi ndi fano? Funsoli ndi loyenera, ndipo ana athu amene amaona zithunzi za zinthu zotere m'mabuku a sukulu, m'makanema ndi pa intaneti angathe kutifunsa tsiku lina. Kuti tiyankhe bwino, tiyambe tatsata mapazi a Diana ameneyu, tione kumene adachokera ndi manja amene adapitamo.

Kuchokera ku Greece kufika ku Roma

Agriki akale anali ndi milungu yambiri, ndipo mulungu aliyense ankampatsa ntchito yakeyake: wina wa mphenzi, wina wa nyanja, wina wa nkhondo, wina wa vinyo. Aroma adafanizira milunguyo ndi milungu yawo naitcha maina awo. Zeus adakhala Jupiter, Hermes adakhala Mercury, Athena adakhala Minerva, Aphrodite adakhala Venus, ndipo Artemis adakhala Diana. Apollo adakhalabe ndi dzina lake lomwe lija. Aŵiri oyambawo timakumana nawo pa Machitidwe 14, pamene anthu a ku Lustra adayesa Barnaba Zeu, nayesa Paulo Herme, mpaka kufuna kuŵaphera ng'ombe za nsembe.

Akatswiri ambiri amaganiza kuti chifanizo choyamba cha Diana wathuyu chidapangidwa ndi mkuŵa cha m'ma 325 Khristu asanabadwe, ndipo mmisiri wake amati anali Leochares wa ku Athens. Chifanizo chimenecho palibe munthu wa masiku ano amene adachiona. Mkuŵa uli ndi tsoka limene mwala ulibe kwambiri, ndilo lakuti umasungunuka. Pakagwa nkhondo kapena umphaŵi, anthu ankaponya zifanizo m'ng'anjo napanga mikondo, ndalama, miphika ndi mabelu. Chifukwa chake zifanizo zazikulu zamkuŵa za Agriki zimene zilipo lero ndi zoŵerengeka, ndipo zingapo mwa izo zidapulumuka chifukwa chomira m'nyanja. Mwachitsanzo, mu 1972 munthu wina wosambira pansi pa madzi adapeza zifanizo ziŵiri za ankhondo kufupi ndi Riace, kumwera kwa Italy.

Diana adapulumuka mwa njira ina. Aroma olemera ankakonda luso la Agriki, motero ankalemba amisiri kuti aŵasemere zifanizo zofanana ndi zakalezo pa mwala woyera wa nsangalabwi. M'zaka 200 zoyamba Khristu atabadwa, mmisiri wina amene dzina lake lidaiŵalika adasema Diana pa mwala wotero. Ndi wamtali pafupifupi mamita 2, wavala malaya olekeza m'maondo, akuyenda mofulumira, dzanja lamanja likusolola muvi m'phodo, ndipo pambali pake pakudumpha kambaŵala. Patapita nthaŵi Chikhristu chidafalikira m'ufumu wa Aroma, ndipo mu 391 ndi 392 mfumu Theodosius idaletsa nsembe zopereka kwa milungu yakale. Akachisi adatsekedwa, zifanizo zina zidaphwanyidwa, zina zidaotchedwa kuti apange laimu, ndipo zina zidakwiririka m'nthaka zaka mazanamazana.

M'manja mwa mafumu a ku France

Cha m'ma 1400 ndi 1500 anthu a ku Italy adayamba kufukula miyala yakaleyo ndi kuzizwa ndi luso lake. Apapa ndi akalonga adaisonkhanitsa m'mabwalo a nyumba zawo. Chifanizo chimene chidatchuka koposa chinali cha Apollo, chimene adachiimika m'bwalo la Belvedere ku Vatican. Francis I, mfumu ya France, adasirira zimenezi, ndipo mu 1540 adatuma mmisiri wake Primaticcio ku Roma kuti akatenge zikombole za zifanizo zotchukazo. Zikombolezo adabwera nazo ku nyumba yachifumu ya Fontainebleau, kumene pofika 1543 adathiramo mkuŵa. Kuyambira pamenepo milungu ya Agriki idayamba kutuluka m'ng'anjo za Afalansa.

Diana wamwala uja adafika ku France mu 1556, ngati mphatso ya Papa Paul IV kwa mfumu Henry II, ndipo adamuika m'munda wa ku Fontainebleau. Mu 1602 mfumu Henry IV idamsamutsira ku nyumba yachifumu ya Louvre mu Paris. Mmisiri wa mfumu, Barthélemy Prieur, adakonza malo amene adali oonongeka, napanganso Diana wina wamkuŵa wa msinkhu womwewo kuti akaime m'munda muja m'malo mwa wamwalayo. Tisunge dzina la Prieur, pakuti tidzakumana nalonso. Pambuyo pake Louis XIV adatengera Diana ku nyumba yake yaikulu ya Versailles, ndipo kufikira lero chifanizochi chimatchedwa Diana wa ku Versailles. Mfumu imeneyi inkakonda kudzifanizira ndi Apollo, mulungu wa dzuŵa, ndipo amisiri ake a ng'anjo, abale aŵiri a banja la Keller ochokera ku Switzerland, ankaipangira zifanizo ndi mizinga yankhondo yomwe.

Mu 1789 anthu a ku France adaukira ufumu, ndipo tsoka la mkuŵa lija lidabweranso. Mu 1792 zifanizo za mafumu zimene zidaima m'mabwalo a Paris zidagwetsedwa ndi kusungunulidwa. Zina mwa ntchito za Primaticcio zidathera m'ng'anjo m'zaka zomwezo, kotero kuti zidatsala 5 zokha. Koma kuukirako kudabweretsanso chinthu chatsopano. Mu 1793 Louvre idatsegulidwa ngati nyumba yosungiramo zinthu za luso kuti munthu wamba aliyense aziloŵamo, ndipo mu 1798 Diana adabwerera kumeneko, kumene ali mpaka lero. Chaka chomwecho Apollo wa ku Vatican adafika ku Paris atalandidwa ndi ankhondo a Napoleon, koma adabwezedwa Napoleon atagonja mu 1815. Mu 1820 mlimi wa pa chilumba cha Milos adafukula chifanizo cha Venus chopanda mikono, ndipo mu 1821 chidaloŵa mu Louvre. Motero zinthu zimene kale ankaziona mafumu okha tsopano adayamba kuziona ndi anthu wamba, ndipo diso likaona, mtima sulephera kukhumbira.

Makina ochepetsera milungu

Amene adakwaniritsa chikhumbo chimenechi ndi anthu aŵiri aja a maina olembedwa kumbuyo kwa mutu wathu. Achille Collas anali katswiri wa makina. Cha m'ma 1836 adakonza makina otha kuchepetsa chifanizo chilichonse popanda kusintha maonekedwe ake. Makinawo anali ndi matebulo aŵiri ozungulira pamodzi, ndi mkono wautali wachitsulo womangirira kumbali imodzi. Pa tebulo lakutali ankaikapo chifanizo chachikulu chopangidwa ndi pulasitala, ufa woyera uja umene madokotala amaumbira chikhakha pa fupa lothyoka. Pa tebulo lapafupi ankaikapo chibuma cha pulasitala wosasema. Kansonga kobuntha ka kumapeto kwa mkonowo kankayenda pang'onopang'ono pa nkhope ya chifanizo chachikulucho, ndipo kansonga kakuthwa, kokhala kufupi ndi pomangirira, kankatsata mayendedwe omwewo mofupikitsa ndi kumapala chibumacho. Mphuno, milomo ndi mapindo a nsalu zonse zinkatuluka monga zilili, koma zazing'ono.

Ferdinand Barbedienne, wobadwa mu 1810 m'chigawo cha Normandy, sanali wosema kapena wosula. Anali wamalonda wogulitsa mapepala okongoletsera zipupa. Koma adaona msanga phindu la makinawo, ndipo mu 1838 aŵiriwo adayamba kampani imodzi. Venus wa ku Milos wochepetsedwa ndiye adaŵatchukitsa poyamba. Pambuyo pake padabwera Diana, Apollo, Minerva ndi ena ambiri, athunthu kapena mitu yokha. Kampaniyo idalandira mamendulo pa chionetsero chachikulu cha ku London mu 1851. Collas atamwalira mu 1859, Barbedienne adatsala yekha ndi amisiri mazana angapo, ndipo iye atamwalira mu 1892 ntchitoyo idapitirira m'manja mwa wachibale wake, Gustave Leblanc-Barbedienne. Kampaniyo idatsekedwa mu 1954. Padalinso makampani ena otchuka monga Susse Frères ndi Thiébaut Frères.

Makampaniŵa ankasindikiza mabuku a mitengo, m'mene chifanizo chimodzi chinkapezeka m'misinkhu ingapo, kuti wogula asankhe molingana ndi thumba lake. Ogula ake anali maloya, madokotala, aphunzitsi a sukulu zapamwamba ndi eni masitolo. M'sukulu za masiku amenewo anyamata ankaphunzira Chilatini ndi Chigriki pamodzi ndi nthano za milunguyo, motero mutu wa Minerva pa desiki kapena wa Apollo pamwamba pa malo oothera moto unali kuuza mlendo kuti mwini nyumba ndi munthu wophunzira. Mutu wokha unali wotsika mtengo kuposa thupi lathunthu, sunkadya malo, ndiponso sunkachititsa manyazi m'chipinda chochezera, popeza zifanizo zambiri za Agriki zinali zosavala.

Tsono taonani kutalika kwa ulendowo. Mgriki adapanga chamkuŵa, Mroma adatengera pa mwala, Mfalansa adatenga chikombole cha pulasitala pa mwalawo, makina adachepetsa pulasitalayo, amisiri adadula mutu ndi mapeŵa okha, ndipo pomaliza mkuŵa udathiridwanso, patapita zaka zoposa 2,000.

Manja a m'ng'anjo

Mkuŵa wa zifanizozi si mkuŵa wofiira uja wa mawaya a magetsi. Ndi mkuŵa wosanganiza umene umatchedwa bulonzi. Pa magawo 10 alionse, pafupifupi 9 ndi mkuŵa weniweni, ndipo gawo lotsalalo ndi tini, zinki uja amakutira malata, ndi mtovu pang'ono. Msanganizo umenewu ndi wolimba, ndipo ukasungunuka umayenderera bwino m'timipata ta chikombole.

Pali njira ziŵiri zothirira mkuŵa. Yakale kwambiri ndi ya phula: mmisiri amaumba chifanizo ndi phula, nachikuta ndi dothi, nachiotcha kuti phulalo lituluke, kenaka amathira mkuŵa m'malo amene phula lasiya. Njira imeneyi ankaidziŵa Agriki, ndiponso amisiri a ku Ife ndi ku Benin m'dziko la Nigeria. Koma makampani a ku Paris a m'zaka za m'ma 1800 ankatsata makamaka njira ya mchenga, chifukwa inali yoyenera kupangira zinthu zambiri zofanana. Mchenga wake wotchuka, wosalala ndi womata pang'ono, unkakumbidwa ku Fontenay-aux-Roses, kufupi ndi Paris.

Amene adaumbapo njerwa angamvetse msanga. Kampani inkasunga mutu umodzi wachitsanzo. Woumba zikombole ankatsendera mchenga wachinyezi mozungulira mutuwo m'zidutswazidutswa, kuti chidutswa chilichonse chithe kuchoka osagumuka m'makutu, m'tsitsi kapena pansi pa chibwano. Akachotsa chitsanzocho ankabwezera zidutswazo m'malo mwake m'bokosi lachitsulo. Kenaka ankaumba mutu wina wamchenga, naupala pang'ono thupi lonse, nauimika pakati pa chikombole ndi timisomali. Kampata kotsala pakati pa ziŵirizi, ka mamilimita oŵerengeka chabe, ndiko kankadzaza mkuŵa. Ichi ndicho chifukwa chake mutu wathu uli ndi mphako m'kati. Chikombole chikauma m'uvuni, othira ankabwera ndi mphika wa mkuŵa wosungunuka, wotentha kupitirira madigiri 1,000, nathira mosadukiza. Ukazizira ankaphwanya mchengawo. Chikombole chimodzi chinkabala mutu umodzi wokha, ndipo mutu wotsatira unkafuna kuyambanso ntchito yonseyo.

Chotuluka mumchengamo chinali chokhakhala, chokhala ndi mizere ndi timichira ta mkuŵa. Apa ndipo pankaloŵa mmisiri wa tupa ndi timatchizulo, amene ankakhala masiku akusalaza masaya, kutsegula zikope ndi kulemba tsitsi limodzilimodzi. Wina ankalumikiza zidutswa kuti mfundo zisaoneke. Womaliza ankapaka mankhwala oŵaŵa uku akutenthetsa mkuŵawo pamoto, kufikira utasanduka wofiirira, wakuda kapena wobiriŵira, kenaka nkuupukuta ndi phula. Zoonadi mutu umodzi susenza denga, ndipo ngakhale mutu wamkuŵa womwe sudapangidwe ndi munthu mmodzi.

Ntchitoyi inkadya moyo wa anthu. Oumba zikombole ankawaza fumbi la makala kuti mchenga usamatirire, ndipo fumbilo linkaŵadetsa mapapo. M'zaka za m'ma 1850 adalimbana ndi mabwana awo kuti m'malo mwa makala azigwiritsa ntchito ufa wa mbatatesi. Opaka golide pa zokongoletsa zina ankasanganiza golideyo ndi mekyule, chitsulo chamadzimadzi chija cha m'zoyezera kutentha kwa thupi, chimene chimatchedwa ndi dzina la mulungu Mercury. Akachiotcha, utsi wake unkaŵanjenjemeretsa manja ndi kuŵagwedeza mano, kufikira njira yopaka golide ndi magetsi itayamba kufala cha m'ma 1840. Mu February 1867 amisiri a mkuŵa a ku Paris adanyanyala ntchito, ndipo mkanganowo udayambira ku kampani ya Barbedienne. Mabwana adafuna kuti antchito atuluke m'bungwe lawo lothandizana, koma antchitowo adakana, anzawo a ku London adaŵatumizira ndalama, ndipo mabwana adagonja. Mu 1870, nkhondo ya France ndi Prussia itabuka, ng'anjo zomwezo zidasiya milungu nkuyamba kupanga mizinga.

Maina a amisiri ameneŵa sapezeka pa mutu wathu. Pali dzina la mwini kampani ndi la mwini makina basi.

Kuzindikira nkhope

Popeza nkhope za milunguyi zimafanana kusalala kwake, amisiri ankaika zizindikiro kuti munthu adziŵe yemwe akumuona. Diana amadziŵika ndi kachisoti ka pamphumi, nthaŵi zina kooneka ngati mwezi watsopano, ndi phodo la kumsana. Minerva, wa nzeru ndi nkhondo, amavala chisoti chachitsulo, ndipo pachifuwa pake pamakhala kankhope ka Medusa wa tsitsi la njoka. Mercury, mthenga wa milungu, ali ndi chipewa chamapiko. Apollo alibe ndevu, tsitsi lake lidamangidwa mfundo pamwamba pa mutu, ndipo nsalu yake idakoŵekedwa papheŵa. Jupiter ali ndi ndevu zambiri ndi tsitsi la wirawira. Bacchus, wa vinyo, ali ndi nkhata ya masamba ndi mphesa, ndipo Hercules amavala chikopa cha mkango. Mwana wa sukulu akadziŵa zizindikiro zimenezi amatha kuŵerenga chifanizo monga aŵerengera kalata.

Chenicheni ndi chonyenga

Pamene pali phindu, onyenga sasoŵa. Kuyambira m'zaka zomwezo za m'ma 1800 padali mitu yotsika mtengo yopangidwa ndi zinki nkupakidwa utoto wonga mkuŵa. Kunja imakongola, koma chikomekome cha mkuyu m'kati muli nyerere: ndi yopepukirapo, imathyoka msanga, ndipo ukaikanda pang'ono kunsi kumene sikuoneka, imaonetsa mtundu wotuŵa, pamene mkuŵa weniweni umaonetsa mtundu wachikasu. Maginito akamata, ndiye kuti ndi chitsulo wamba, pakuti mkuŵa sugwira maginito. Masiku ano kulinso mitu ya pulasitiki yosanganiza ndi ufa wa mkuŵa, imene siizizira m'manja ndiponso silira ukaigogoda.

Chinyengo chovuta kuchigwira ndi chotenga chikombole pa mutu weniweni wakale ndi kuthiramo mkuŵa watsopano. Pamenepo dzina la Barbedienne ndi chidindo cha Collas zimatulukanso, ngakhale kampaniyo sidaukhudze nkomwe. Koma mkuŵa uli ndi khalidwe lake: ukamazizira umafota pang'ono, pafupifupi gawo 1 pa magawo 100 kapena kupitirirako pang'ono. Motero mutu wobadwa mwa unzake umakhala wocheperako, malemba ake amakhala ofafanizika, ndipo tsitsi lake limaoneka ngati sopo wosambira kale. Akatswiri amayeza ndi rula, nafanizira ndi miyeso ya m'mabuku akale a kampani. Koma chachikulu chimene amayang'ana ndi ntchito ya mmisiri wa tupa uja. Dzina lingathe kubedwa, koma masiku amene munthu adakhala akulemba tsitsi ndi dzanja lake wonyenga safuna kuŵalipira.

Boma la France lidaloŵererapo. Lamulo la mu 1935 lidaletsa kugulitsa chinthu ndi dzina la bulonzi chisali bulonzi, ndipo lina la mu 1981 lidalamula kuti chotengera pa chinzake chizilembedwa poyera kuti ndi chotengera. Amene ali ndi mutu weniweni amalangizidwa kuti asaukweche ndi mankhwala oŵalitsira zitsulo, pakuti khungu lakuda lija si litsiro. Ndi ntchito ya mmisiri womaliza pamodzi ndi ya zaka, ndipo likachoka mtengo wa mutuwo umagwa.

Tibwerere ku funso lathu

Kodi tsono Diana wamkuŵayu ndi fano? Artemi wa ku Efeso anali fano ndithu. Anali ndi kachisi, ansembe ndi nsembe, ndipo anthu ankagula tiakachisi tasiliva ta Demetriyo poyembekeza chitetezo. Ngakhale maonekedwe ake anali ena: chifanizo choima chilili, chodzaza ndi zithunzi za nyama, chosiyana ndi namwali wa uzimba uja. Koma Diana wa ku Paris palibe amene adamgwadira. Adapangidwa m'fakitale, adalembedwa m'buku la mitengo, ndipo wogula ankafunsa msinkhu ndi mtengo monga afunsira wotchi.

Nkhaniyi makolo athu m'chikhulupiriro adaiganizira kale, ndipo ena mwa iwo anali Afalansa omwewo. John Calvin adabadwira ku Noyon, m'dziko la France, mu 1509. Iye adakana kolimba kuti Mulungu ajambulidwe kapena kuti m'tchalitchi muikidwe zifanizo zopembedzera, koma adaphunzitsanso kuti luso losema ndi lojambula ndi mphatso zochokera kwa Mulungu, zofunika kuzigwiritsa ntchito moyenera. Katekisma wa Heidelberg wa mu 1563, pofotokoza lamulo lachiŵiri, amasiyanitsa chimodzimodzi: zolengedwa zingathe kujambulidwa, koma nkoletsedwa kupanga kapena kusunga chifanizo kuti tichipembedze kapena kuti titumikire Mulungu kudzera mwa icho. Ndipo Barthélemy Prieur uja, amene adakonza Diana wamwala napanga wamkuŵa, anali Mprotestanti wa mpingo wa Ahuguenot, otsata chiphunzitso cha Calvin, m'masiku amene chikhulupiriro chimenecho chinkaphetsa anthu ku France. 

Ifenso maina a milunguyi tili nawo pakamwa osazindikira. Mwezi wa Januwale udatchedwa ndi dzina la Janus, Malichi la Mars, ndipo Juni la Juno. Nyenyezi zoyenda zimene ana amaphunzira kusukulu ndi Mercury, Venus, Mars ndi Jupiter, ndipo chombo chimene chidafikitsa anthu pa mwezi mu 1969 chinali Apollo 11. Palibe amene amapembedza Mars polemba tsiku la mwezi pa kalata.

Komabe tisaderere mbale amene mtima wake sungalole chinthu chotere m'nyumba mwake. Paulo, polembera Akorinto za nyama yoperekedwa kwa mafano, adati fano si kanthu, koma adachenjezanso kuti chidziŵitso chathu chisakhumudwitse wa chikumbumtima chofooka. Palibe Mkhristu amene akusoŵa mutu wa Diana kuti moyo wake ukwanire. Chimene tikusoŵa ndi kudziŵa. Paulo yemweyo, ali ku Atene, adavutika mtima poona mafano, koma adayenda naŵayang'anitsitsa, naŵerenga zolembedwa pa maguwa awo, ndipo chifukwa chodziŵa zimenezo adatha kulankhula ndi anthu a mumzindawo.

Ngati pali fano m'nkhaniyi, tiliyang'ane kumene Demetriyo adaliwonetsa. Chimene chidamuŵaŵa iye chinali malonda ake, ndipo pa Akolose 3 umbombo umatchedwa kupembedza mafano. Mtima umenewo ndi womwe udali mwa bwana wosalabadira mapapo a antchito ake, ndiponso uli mwa wamalonda wogulitsa zinki ndi dzina la mkuŵa.

Tsono makolo, mwana akakuonetsani chithunzi cha mutu wotere nafunsa kuti ndani ameneyu, musamkalipire, ndiponso musamuyankhe mwachidule kuti ndi zachizungu. Muuzeni dzina lake, muuzeni kuti kale anthu ankamuopa ndi kumphera nsembe, ndi kuti mantha amenewo adatha. Ndipo inu anyamata ndi atsikana amene mukuphunzira ukalipentala, kusoka, kuumba kapena kuwotcherera zitsulo, kumbukirani mmisiri wa tupa wa ku Paris. Dzina lake silidalembedwe paliponse, koma patapita zaka zoposa 100, katswiri akanyamula mutuwo pansi pa nyale, ntchito ya manja ake ndiyo imamuuza ngati ndi weniweni.